Gitala, Mvula ndi Nyesi pa Ukwati wa ku Lifidzi

Ntchito yoimba gitala sindinachite kuifunafuna. Inandipeza ndili chigonere pamphasa, msana utakana.

Kwa zaka zambiri ndinkanyamula katundu pa njinga pa Kalomwe, pamalire paja: matumba a kachewere, nyemba, chimanga, kuchoka mbali yathu ino kukatula kwa amalonda a ku Dedza. Tsiku lina ndikukweza thumba ndinangomva kuti khethe m'chiuno, miyendo yonse n'kuchita dzanzi. Kuchipatala anandiuza mosabisa kuti ndikabwereranso ku matumba, tsiku lina ndidzagwa osadzukanso. Apo n'kuti nditapitirira zaka makumi asanu. Ndinabwerera kwathu ku Domwe, ndipo dzinja lonse ndinalionera pakhonde, akazi anga anaBanda akupalira okha m'munda. Amene sanakhalepo pakhonde anzake ali kumunda sangawadziwe mantha ake. Umayamba kudziona kuti watsala pakamwa pokha.

Amene anandichotsa pakhondepo ndi alamu anga a Zakariya, amuna a mlongo wanga Rozita. Iwo anali ndi kagulu koimba m'maukwati ndi m'maubatizo. Eni ake ankaimba gitala yotsogolera n'kumayambitsa nyimbo, Rozita ankavomera akugwedeza chisekese, a Kalisto anali pa ng'oma, ndipo bambo wina ankagwira gitala yachiwiri, ija imangosunga mayendedwe a nyimbo.

"Alamu, khondeli likuphani msanga kuposa msanawo," anatero a Zakariya. "Tiyeni muzikatisungira mawaya. Zolemera tizinyamula tokha."

Ndinavomera tsiku lomwelo. Ntchito yake inali yopepuka koma yofuna maso. Ndinkapinda mawaya mozunguliza pamkono kuti asapotane, kuthira mafuta a gazolina mu jeradori, injini ija yopangira magetsi, kuyang'ana oliyo, ndi kukulunga fita, tepi womata uja, paliponse pamene waya wasupuka. Makoluna, mabokosi aja amatulutsa mawu, ndinkangoloza poti aikidwe. Ndinkaingitsanso oledzera amene amakonda kuvinira pafupi ndi ampulifikadori, bokosi lija lokweza mawu a magitala.

Sipanapite nthawi, bambo wa gitala yachiwiri uja anapeza ntchito ku Moatize n'kupita. M'mawa wina ndinangoona a Zakariya akulowa pabwalo panga atakoleka gitala yakale ya bokosi paphewa, yosafuna magetsi, yong'aluka pang'ono m'mbali.

"Viyola iyi ndi yanu," anatero. "Muphunzire."

Ndinawaonetsa manja anga. "Alamu, zala izi mukuziona? Zinakulira pa chiwongolero cha njinga. Sizipinda ngati za anthu."

Iwo sanaseke. "Ndikuuzeni zoona, alamu. Maukwati a masiku ano sadyetsa gulu la anthu asanu. Ndikapeza woimba wina, yemweyo azisunganso mawaya."

Ndinamva zimene sananene. Ndinailandira gitalayo ndi manja awiri.

Choyamba anandiphunzitsa kukunga nsambo. Zilipo zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse uyenera kuimvetsera ndi inzake yapafupi mpaka zilankhule mawu amodzi. Khutu langa silinkasiyanitsa. Ndinkapotoza kachitsulo kokungira mpaka nsambo yaing'ono n'kuduka, kundikwapula kuseri kwa dzanja. Nsambo zatsopano kuno sizipezeka wamba, ndiye ndinkamasula waya wa buleki ya njinga yanga, kusolola kachingwe kamodzi n'kumangirira. Palyeta, kopalira nsambo kaja, ndinaidula ku chigubu chakale cha mafuta.

Kenako anandionetsa magwiridwe atatu: Do, Fa ndi Sol. Anati nyimbo zambiri za ukwati zimangozungulira pa atatu amenewa. Do ndi Sol ndinazipeza movutikira. Koma Fa inandizunza. Pa Fa chala chamkombaphala chimayenera kugona chopingasa n'kupanikiza nsambo zingapo nthawi imodzi, zinazo zikugwira kwina. Changa chinkagona mokhota ngati chinangwa, ndipo nsambo m'malo molira zinkangoti phwe, phwe. M'manja mwanga munali khungu lolimba ngati chikumba, koma nsonga za zala zinali zanthete. Zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, ine n'kumapanikizabe pa zilonda. M'mawa kukazizira, monga kumazizirira kuno kumapiri, zala zinkauma gwa. AnaBanda ankanditenthetsera madzi m'kambale kuti ndiviikemo ndisanayambe.

Ndinkaphunzirira kuseri kwa nkhokwe kuti anthu asandione, koma gitala ilibe chinsinsi. Amayi popita kumjigo ankanena mokweza kuti ndimve: "A Jere ayamba unyamata ku ukalamba." Zimenezo sizinkandipweteka kwambiri. Chimene chinkandidya chinali chakuti mwina zala zikanadi, a Zakariya n'kutopa nane, ine n'kubwerera pakhonde paja.

Vuto langa lalikulu linali kuima. Dzanja lamanzere likachedwa kusintha, lamanja nalo linkadikira, nyimbo n'kuduka. Tsiku lina a Zakariya anandigwira mkono.

"Dzanja lamanja lisaime, zivute zitani. Lizitsata ng'oma. Lamanzere likachedwa, liwapeza anzake kutsogolo."

Itatha nyengo yokolola anati ndakwana kugwira gitala yamagetsi. Apa m'pamene panayambira mantha ena. Nditangoika zala pa nsambo, ampulifikadori ili yoyatsa, ndinamva ngati tinyerere tikuyenda m'zala mpaka m'chigongono. Kukakhala kouma zinkamveka pang'ono. Kukakhala chinyezi zinkaluma ndithu. Ndinawauza alamu anga.

"Imatero imeneyo," anayankha. "Muzivala nsapato za labala. Ine ndaimba nayo zaka zonsezi, ndili moyo."

Ine mtima sunakhale pansi, chifukwa nyesi, mphamvu ya magetsi yogwira munthu ija, ndinaiona ndi maso anga. Pa Kalomwe mayi wina wa pabaraka, kasitolo kam'mbali mwa msewu, anagwidwa ndi jeleira yake yoziziritsira zakumwa. Mwamuna wake anathamanga kuti amukoke, nayenso anakanirira pomwepo, awiriwo akunjenjemera osatulutsa mawu. Anawalekanitsa ndi bambo wina amene anamenya waya ndi thabwa. Mwamunayo anachira. Mayiyo tinakamuika. Choncho nthawi iliyonse ndikakoleka gitala ija m'khosi, nkhope ya mayi uja inkandibwerera.

Maukwati oyamba ndinaimba mobisala. A Zakariya ankatsitsa mawu a gitala yanga mpaka ine ndemwe sindinkadzimva bwino, ndipo ndinkaima kumbuyo kwa koluna, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Ndikaphonya Fa palibe ankadziwa kupatula a Kalisto, amene ankangondiyang'ana cham'mbali.

Ndiye kunabwera ukwati wa ku Lifidzi, mvula yoyamba itangogwa. Mkwatibwi anali mwana wa mlimi wa nyemba, mkwati anali pulofesori, mphunzitsi wa ana pa sukulu ya pulimariya. Atachoka ku misa anthu onse anakhamukira kwawo kwa mkazi, kumene anali atamanga chilona chachikulu pa mitengo ya bulugamu. Ife anatipatsa ngodya yakumunsi, kumene bwalo linkatsetserekera. Jeradori tinaiika kutali kuseri kwa khola kuti isasokose, waya wautali n'kudutsa pabwalo kudzafika pa kabokosi kolumikizira zida zathu zonse.

Chakumasana, anthu akudya, kumwamba kunada bii. Mvula inagwa yamphamvu koma yosakhalitsa. Tinathimitsa jeradori, tinaphimba makoluna ndi mapulasitiki, koma madzi a pabwalo lonse anatsetserekera kwa ife. Itakata, pansi pa chilona panali matope okhaokha, ndipo kabokosi kaja kanali katanyowa ngakhale ndinakakweza pa njerwa.

A Mbewe, padirinyu wa ukwatiwo, amene anaimira akwati ku tchalitchi, anabwera akupukuta nkhope ndi kampango.

"Akwati atopa kudikira m'nyumba. Yambani nyimbo atuluke."

"Bambo, pansi pano panyowa," ndinatero. "Tidikire pang'ono paume."

A Mbewe anandilambalala n'kuyang'ana mwini gulu. A Zakariya anayang'ana kumwamba, anayang'ana anthu amene anali atayamba kale kuwomba m'manja. "Tiimbe ziwiri zokha, akwati akhale pansi, kenako tipume," anatero.

Ndinapita kukaliza jeradori. Pobwera ndinakoka thabwa la benchi n'kuimapo. Ndinawauza alamu anga kuti aimepo nawo, koma iwo amaimba akuyendayenda, thabwa silikanawakwana. Nsapato zawo zachikopa zinali zitamwa madzi. Nditakhudza nsambo za gitala yanga, inandiluma kuposa masiku onse, mpaka ndinachotsa dzanja. Ndinaganiza zongoikoleka osaigwira, kunamizira kuimba.

A Kalisto anayamba ng'oma. A Zakariya analowa ndi gitala, nthungululu zinamveka, chitseko cha nyumba chinatseguka, akwati n'kuonekera pakhomo. Pamenepo alamu anga, dzanja lamanzere lili pa nsambo, anatambasula lamanja kuti akokere mikirofoni kukamwa.

Gitala yawo inasiya nyimbo n'kuyamba kulira mawu amodzi aatali, makoluna akung'ung'udza. Iwo anaima chilili, mutu utapendekera kumbuyo, mapewa akugwedezeka. Anthu ena anaseka, ankayesa ndi kavinidwe. Mayi wina mpaka anawaponyera nthungululu. Koma ine ndinaona zala zawo mmene zinafumbatira mikirofoni, ndi mano atalumana, ndi maso atatembenuka. Ndinali nditaziwonapo.

Rozita, amene anaima pambali pawo, anazindikira nayenso. Anataya chisekese chake n'kutambasula manja kuti awagwire amuna ake.

Sindikumbuka kuti gitala yanga ndinaivula bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinamukankha mlongo wanga pachifuwa ndi mphamvu zonse, iye n'kukagwera pa ng'oma. Jeradori inali kutali, ndi msana wangawu sindikanafikako msanga. Kabokosi kolumikizira kanali pafupi, koma kanali konyowa, ndipo ine ndinali nditatsika pa thabwa, nditaponda m'matope. Dzanja linapita lokha, ndinalibweza. Pafupi panali mpando wamtengo umene unali pansi pa tebulo nthawi ya mvula, wouma. Ndinaunyamula, ndinakola waya wautali uja ndi mwendo wake, n'kukoka ngati ndikuzula chitsa. Waya anasololoka, moto unathetheka, ndipo zonse zinangoti zii.

A Zakariya anagwa chagada m'matope, gitala ili pamimba.

Anthu anayamba kukuwa ndi kuthawa, ena kuthamangira komweko. Ndinagwada pambali pawo ndikuitana, "Alamu, alamu," koma sanayankhe. Milomo inali itayamba kuda. Rozita ankawagwedeza mutu akulira. Ndinaika khutu pamphuno pawo, sindinamve mpweya. Mumtima ndinati basi, ndibwerera ku Domwe ndi mtembo, ndipo ana awo ndikawauza chiyani.

Mwa alendo a kuchimuna munali mayi wina namwino. Anakankha anthu, anavula nsapato zake zazitali, anagwada m'matope ndi chovala chake cha ukwati. "Patukani, apeze mpweya," anatero. Anang'amba malaya a alamu anga, anasanjikiza manja pakati pa chifuwa n'kuyamba kupanikiza mwamphamvu, mobwerezabwereza, mpaka ndinaopa kuti athyola nthiti. Ankati akapanikiza kwa kanthawi, n'kuwauzira mpweya m'kamwa, n'kuyambiranso. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine zinali ngati dzuwa laima. Kenako a Zakariya anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kutsokomola.

Sanalankhule. Maso anali otsegula koma sankaona munthu. M'dzanja lamanzere, m'mene munadutsa nsambo, munali mizere yoyera ya kupsa. Anawakweza pa galimoto imene inanyamula akwati kuchokera ku tchalitchi, namwino uja ndi Rozita n'kukwera nawo, ulendo wa kuchipatala. Ine anati nditsale ndi zida.

Galimoto itapita, pabwalo panagwa bata loipa. Akwati anali atabwerera m'nyumba, ndipo kulira kwa mkwatibwi kunkamveka panja. Ndili kupinda mawaya, ndinamva azakhali a mkwati akulankhula kuseri kwanga. Wina anati awa ndi malodza, ukwati woyamba ndi imfa sukhala. Wina anati kuchikazi kuno kuli anthu osafuna zabwino, mwana wawo angomutenga azipita. Achibale a mkazi anamva, amuna ena anayamba kuimirira m'mabenchi. Ena anali atamwa kale.

A Mbewe anabwera kwa ine. Ulendo uno sanayang'ane wina.

"Bambo, ndinalakwa kukukakamizani. Koma taonani mmene zilili. Anthuwa akakhala chete chonchi amenyana, ndipo ana awa ukwati wawo uthera pano. Palibe chimene mungaimbe, chopanda magetsi?"

Ndinafuna kukana. Alamu anga mwina anali akufera m'njira, ine ndiziimba? Ndiponso ndinali ndisanaimbepo pamaso pa anthu mawu anga akumveka. Ndinayang'ana a Kalisto. Iwo anati, "A Jere, mwini gulu akanakhala pano akanaimba. Ine ndimenya pang'onopang'ono, inu muzinditsata."

Gitala ya bokosi ija ndinkayenda nayo paliponse kuti ndiziphunzirira tikamadikira. Ndinaitulutsa m'thumba lake. Pokunga nsambo zala zinkaterereka, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti ilibe waya uliwonse, thupi linkakana kukhudza chitsulo. Ndinakhala pa mpando womwe uja, pakati pa bwalo, popanda koluna yobisalako. Anthu onse anatembenuka kundiyang'ana.

Ndinayamba ndi nyimbo ya ku tchalitchi imene aliyense kuno amaidziwa, yopempha Mulungu kuti asunge banja. Do inalira. Sol inalira. Pofika pa Fa chala chinagona mokhota, nsambo zinati phwe. Koma dzanja lamanja silinaime, linapitirira ndi ng'oma. Mawu anga anatuluka aang'ono, onjenjemera, ngati a munthu wodwala malungo. Ndinaimba ndime yonse ndekha, popanda wondivomera.

Pa ndime yachiwiri amayi a mkwatibwi anavomera ali chikhalire, misozi ili m'masaya. Amayi a kwaya amene anaimba ku misa analowa, kenako ena, kenako mmodzi wa azakhali aja. Mawu awo anaphimba gitala yanga, ndipo ndinathokoza. Amuna amene anaimirira anayamba kukhala pansi mmodzimmodzi. Nyimbo itatha sindinayerekeze kusiya mpata, ndinalowa ina, kenako ina, zonse pa magwiridwe atatu omwe aja. Pakati pa nyimbo ina ndinaona a Mbewe akutuluka m'nyumba atagwira akwati manja. Sanatuluke movina monga amachitira. Anangoyenda pang'onopang'ono kudzakhala pa mipando yawo, mkwatibwi maso ali ofiira.

Nthawi yonseyo khutu langa linali ku thumba la malaya a Kalisto, kumene kunali foni. Nsonga za zala zinang'ambikanso, nsambo zinayamba kumata, koma ndinkaopa kuti ndikasiya kuimba ndiyamba kuganiza. Dzuwa litapendeka foni inalira. A Kalisto anasiya ng'oma, nanenso ndinasiya, ndipo bwalo lonse linakhala chete. Anamvetsera nkhope yosawerengeka. Kenako anandipatsira.

Anali Rozita, mawu atasasa. "Achimwene, alankhula. Akufunsa ngati makoluna mwawaphimba."

Ndinabweza foni ija. Amene anawauza anthu ndi a Kalisto. Pamenepo m'pamene nthungululu zenizeni zinamveka, ndipo azakhali aja anali oyamba kulowa m'bwalo.

A Zakariya anakhala m'chipatala kwa kanthawi ndithu. Anatuluka ali bwino, kupatula dzanja lamanzere. Zala ziwiri zinauma, sizipindanso. Mmisiri wa magetsi atatsegula ampulifikadori ija anapeza kuti makoswe anadya waya m'kati, ndipo waya wosupukayo ankakhudza chitsulo cha bokosi. Anati nyesi inkayenda m'nsambo masiku onse aja, inkangodikira tsiku lonyowa. Anatiphunzitsa kukhoma chitsulo chachitali pansi n'kumangirirapo waya wa tera, kuti magetsi osochera azithawira m'nthaka. Anandigulitsanso busikapolo, kaja kamaoneka ngati kotsegulira zomangira koma kamayaka kakakhudza pamene pali nyesi.

Gulu lilipobe. Alamu anga amaimba pakamwa ndi kuyendetsa zonse, ndipo gitala yotsogolera tinapeza munthu wina. Ine ndidakali pa yachiwiri, ndipo mawu ake sawatsitsanso. Sindine katswiri. Ndinayamba mochedwa, zala zanga zili ndi malire ake, ndipo Fa mpaka lero ndimaifikira mopemphera. Mantha nawo sanathe. Ndinkaganiza kuti munthu akazolowera ntchito mantha amachoka, koma anga anangosintha malo: anachoka pa anthu ondiyang'ana n'kupita pa mawaya, kumene ali ndi ntchito.

Tikafika pa ukwati, ndisanakunge nsambo ndi imodzi yomwe, ndimayamba ndayang'ana kumene madzi angatsetserekere, ndipo kumunsi sindilola. Ndimakhoma chitsulo cha tera, ndimayendera waya aliyense ndi zala jeradori isanalire, kabokosi kolumikizira ndimakapachika pamtengo. Tikayatsa ndimakhudzitsa busikapolo pa nsambo za gitala iliyonse ndi pa mikirofoni. Kakangoyaka ngakhale pang'ono, tithimitsa. Mvula ikagwa, sitiyatsa mpaka pansi pauma, ndipo anthu akafuna nyimbo timawaimbira ndi gitala ya bokosi.

Eni maukwati ena amakwiya nazo. Chaka chathachi bambo wina kuno ku Domwe anandiloza chala pamaso pa alendo ake, amvekere ndine nkhalamba yamantha, ndikumuwonongera tsiku la mwana wake. Ndinamuvomera kuti mantha ndili nawodi, koma jeradori sindinailize. Alamu anga anali pambali panga. Anangotulutsa dzanja lawo lamanzere m'thumba n'kuliika pa tebulo. Bamboyo analiyang'ana, n'kupita kukauza alendo kuti ayambe adya.